Ndinabisa Satifiketi Yanga ya Makompyuta

Akuwailesi, ndiwerengereni kalatayi, koma dzina langa musatchule.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Joe Slovo kuno ku Cape Town. Ndili ndi satifiketi ya makompyuta ya kukoleji kwathu ku Malawi. Pofuna ntchito ya m'nyumba ku Parklands, anzanga anandilangiza kuti, "Ukanene kuti unalekeza Sitandade 8, mabwana safuna wantchito wophunzira." Ndinanenadi choncho, ndipo adona a panyumbapo anandilemba ntchito.

Tsiku lina intaneti ya m'nyumbamo inafa, adona ali ndi msonkhano wa pakompyuta. Anatsala pang'ono kulira. Chisoni chinandigwira, ndinasiya mopu n'kukhala pa laputopu yawo, ndipo posakhalitsa zonse zinayambanso kuyenda.

Msonkhano utatha anandiitana. "Iwe wa Sitandade 8, zimenezi unazidziwira kuti? Ndikachokapo umatsegula chiyani muno?"

Ndinaulula zonse, koma anati munthu amene anawanamiza sangamusiyirenso makiyi. Lachisanu la sabata yomweyo ntchito inatha.

Mwana wanga ndamusiyitsa kupita kukireshi kosungirako ana, mkaka wake watsala chitini chimodzi. Mawa ndikukayesa mwayi kunyumba ina, ndipo ndikudziwa akandifunsa za sukulu. Amayi anzanga, ndikayankhe chiyani? Ndikuopa kuti pakamwa panga patulukanso Sitandade 8.