Chikuta cha Tadala chinatha ndi maka yofiira

Moni abale ndi alongo. Abusa andiuza kuti ndilembe umboni, ndiye ndiyambe ndi chilungamo: zonsezi ndinayambitsa ndine, ndipo sindikudandaula.

Mlongo wanga Tadala anabadwa ndi banga lofiira, kuyambira pachipumi mpaka pachikope. Amayi ankaopa pakamwa pa anthu. Wina adzati anadya chakuti ali woyembekezera, wina adzati kumudzi alipo wawatumira. Mwana amatuluka m'chikuta mchombo ukagwa, koma chikuta cha Tadala sichinkatha. Anzawo akaimba foni, yankho linali limodzi: "Tikadali m'chikuta." Ndinkawapeza amayi akupemphera chala chili pabangalo, ngati angalifufute.

Tsiku la mapemphero a Amalawi ku Lawrence, tinachoka ku South Bend awiri, ine ndi bambo. Iwo atapita kukwaya, ndinalowa kubafa ndi maka yofiira, cholembera cha inki chija, n'kudzijambula banga lomwelo. Ndinkangofuna kuona nkhope za azimayi amiseche amene amayi ankawaopa, ndiseke.

Ambiri anayang'ana kumbali. Koma mayi wina wachilendo, anti Nabanda, anandigwira chibwano.

"Mwanawe, diso anakuyezapo?"

"Ndi maka, anti," ndinatero ndikuseka.

"Ndaona. Koma munthu sajambula chonchi za m'mutu. Waonera pa ndani?"

Kuseka kunathera pomwepo, ndipo ndinawaululira za Tadala.

Anti aja ndi namwino pachipatala cha khungu la ana ku Indianapolis. Anawafotokozera bambo kuti bangalo ndi timitsempha ta magazi basi, kuti kuwala kwa makina otchedwa leza kumatifotetsa, ndipo ndi bwino kuyamba mwana akadali wamng'ono. Anawonjezera kuti banga likafika pachikope, diso liyenera kuyezedwa msanga. Madokotala atamuyeza Tadala, anapezadi vuto likungoyamba kumene. Tikanachedwa, diso likanawonongeka tili chete m'chikuta mwathumo.

Pano timapita naye kuleza. Amamuphimba maso, kuwala kumathwanima, amalira pang'ono, kenako amatuluka ndi timadontho tapepo totha pakapita masiku. Banga silinathe lonse, koma likuzilala. Amayi anafika naye kutchalitchi timadontho tili pompo, osamufunditsa nsalu kumaso.

Ndikuthokoza Mulungu. Amayi ankapempha kuti banga lichoke, Iye anayamba ndi kuchotsa mantha, ndipo anadzera mwa munthu ngati ine. Inu amene mukubisa mwana kapena vuto, pempherani ndithu, koma tsegulaninso chitseko. Wothandiza sangaone chimene mwafunditsa.

Za chilango, bambo anandigraunda: osatuluka pakhomo kupatula kupita kusukulu. Maka ija inalinso yosafufutika ndi sopo, ndiye iwo anabisa sipiriti wofufutira, amvekere, "Bangalo lizitha lokha, upite nalo kusukulu." Ndinapita nalo. Ndikabwerako, Tadala ankandigwira tsaya n'kumaseka. Sabata imeneyo m'nyumba mwathu munali anthu okongola awiri.