Kathumba ka m'Jekete ya a Namakhwa

Malemu Bambo Dunstan Namakhwa anabadwa pa 9 Malichi 1961 konkuno ku Zomba. Sukulu analekeza Sitandade 8 n'kuphunzira utelala. Kuyambira 1984 ankasoka pakhonde la sitolo ya a Moosa, ndipo mu 1989 anamanga banja ndi Mayi Perpetua.

Mu 2011 anachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Blantyre. Madokotala anachotsa chotupa pamodzi ndi kachiwalo ka pansi pa ubongo, kakang'ono ngati njere ya mtedza. Anatiuza kuti kachiwaloko ndi kamene kamatumiza uthenga m'thupi kuti munthu akakhala ndi njala, chiwindi chitulutse shuga amene chinasunga. Popanda iko, malemu ankayenera kumwa mapiritsi tsiku lililonse, ndipo kusala kudya anawaletseratu. Tonse tinamva zimenezi, kuphatikizapo ena amene mwakhala pompano.

Malemu anadzisokera kathumba m'kati mwa jekete yawo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri, m'mawa uliwonse Mayi Perpetua ankaikamo mapiritsi ndi kapepala ka shuga.

Lachisanu pa 14 Julaye 2023, mayiwa ali kumsika, kunyumba ku Zakazaka kunafika anthu atatu n'kutenga malemu kupita nawo kuphiri, ati kukasala kudya ndi kupemphera kuti achiriretu. Loweruka masana, amayi otola nkhuni anawapeza chafufumimba pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, ali okhaokha, atatisiya kale.

Tamva manong'onong'o pano pamaliro oti mayiwa anaiwala kuika mankhwala tsikulo. Zimenezo zatipweteka, ndipo ndi bodza. Anaikamo, mwana wawo Yvonne akuona. Kathumbako tinakapeza katatembenuzidwa, shuga atakhuthulidwa pamwala, nyerere zikudya. Mapiritsi sanapezeke mpaka lero. Malemu ankauopa moyo wawo, sakanataya okha.

Asiya mkazi wawo, ana awiri, Yvonne ndi Chifuniro, ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza a Moosa potumiza galimoto, amayi aja powafunditsa chitenje, komanso ampingo pogona nafe. Inu atatu amene munawaperekeza pokwera koma munatsika opanda iwo, takuonani kuti mwabwera. Jeketeyo sitiyiika m'bokosi. Ikhala pakhomo pa Mayi Perpetua mpaka mudzabwere kudzatiuza dzanja limene linapisa m'kathumbamo.

Mzimu wa Bambo Namakhwa uuse mumtendere.