Ndinachita Manyazi Kufunsa

Inu owulutsa mawu, ndine bambo wachikulire wa ku Moatize, ndipo ndatopa nako kusunga nkhaniyi.

Malasha atabweretsa ntchito kuno, ndinali ndi karinya, galimoto yaing'ono ya katundu, yokoka ngolo ya matabwa kuchokera ku Zóbuè. Ma-amotesedori akumbuyo, zitsulo zija zoletsa galimoto kudumphadumpha, atatha, ndinapita kusitolo. Wogulitsa anandiikira makatoni awiri. "Werengani, madala, musankhe nokha." Sindinkadziwa kuwerenga, koma pamaso pa anthu ndinachita manyazi. Ndinangoloza katoni yowala.

Sabata yomweyo, tikutsetsereka phiri, karinya inayamba kuvina, ngolo n'kugubuduzika. Mlamu wanga, yemwe anakhala pamwamba pa matabwa, anaphwanyika mwendo, ndipo mpaka lero salima. Kumudzi ndinanamizira dzenje la mumsewu, mtima ukundiuza zina.

Sukulu ya akuluakulu ndinalowa imvi zili mbuu. Tsiku lina ndinapeza katoni ija, mayi akunyumba akusungiramo mbewu, ndipo ndinaiwerenga pang'onopang'ono. Zitsulozo zinali za galimoto yosakoka katundu.

Anzanga okoka ngolo, funsani, ndipo muziwauza amekaniko kulemera kwa zomwe mumakoka.

Alamu, ndikudziwa mukumvera. Ndinakupundulani ndine. Ndibwera Loweruka, ndipo mukandithamangitsa sindidzakudandaulani.