Makwinya a Amayi Anga

Aulutsi, ndiloleni ndiwauze omvera anzanga zimene ndinaona chaka cha njala chija.

Ndinkagwira ntchito yotsuka tsitsi mu saluni ina ku Balaka, ndipo ana anga awiri ndinawasiya kwa amayi ku Nselema. Mu salunimo munkabwera mayi wina wobaya jekeseni pankhope, ati yochotsa makwinya n'kubwezera khungu kuutsikana. Azimayi opeza bwino ankamudikira pamzere, ine n'kumasirira.

Nditapita kumudzi nthawi ya dzinja, ndinawapitirira amayi pamsika osawazindikira, mpaka anachita kundiitana. Masaya anali atalowa, khungu la m'khosi likulendewera. Koma ana anga ndinawapeza akuthamangathamanga, ali bwinobwino.

Ndinawagwira nkhope n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni ku Balaka, kuli jekeseni yobweza khungu."

Anaseka pang'ono. "Iyayi mwanangu. Ikalowa pankhopepo, m'mimbamu mukhuta?"

Mlamu wanga ndiye anandinong'oneza kuti amayi ankapereka gawo lawo la madeya kwa adzukulu, n'kumawanamiza kuti akusala kudya, pamene mwezi wa Ramadani unali usanafike. Ndinakalirira kuseri kwa nyumba kuti asandione.

Mawa lake ndinawatenga onse atatu kukakhala nawo m'kachipinda kanga ku Balaka, tizigawana chimene chilipo. Pofika nthawi yokolola masaya anabwerera, koma makwinya ena sanachoke mpaka lero, ndipo ndikawaona ndimadziwa kumene anachokera.

Omvera anzanga, mukaona makolo anu akalamba mwadzidzidzi, musathamangire mankhwala. Yambani mwawafunsa ngati adya.