Tsiku Lomwe Anazula Chiwongolero cha Malemu Amuna Anga

Abusa, akuluampingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mukaona misozi mundipirire.

Ambiri mukudziwa kuti amuna anga anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Anandisiyira ana atatu ndi kapikapu koyera kaja kamene ndimanyamulira mpunga ndi usipa kupita ku Dwangwa. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha. Abale, chiwongolero cha galimotoyo chinaperepeseka malo awiri, pamene iwo ankagwira. Ine ndikakhala pampando ndimaika manja anga pomwepo. Pomwepo ndithu. Ndimamva ngati tikuyendetsa awiri.

Chaka chino chiwongolerocho chinayamba kugwedera. Ndinapita kwa makaniko wa ku Liwaladzi, bambo wachisilamu, mnzawo wapamtima wa malemu. Anachigwedeza, n'kunena kuti, "Alamu, vuto lili pansi, pa chitsulo chotsikira kumateyala. Kuti ndifikepo ndiyenera kuzula chiwongolerochi pamodzi ndi chitsulo chake chapakati."

Ndinati, "Ayi alamu. Konzani pena paliponse, koma apa musakhudze."

Anati, "Mnzanga uja nanenso ndimamusowa. Koma galimotoyi ikuphani."

Ndinaliza galimoto n'kumapita. Mukundimva amayi? Anthu akundiuza za imfa, ine ndikuganiza za zala za amuna anga!

Patapita milungu itatu, masana dzuwa lili pamutu, ndili pa msewu wa M5 ndi amayi anzanga awiri a geni. Ndinakhotetsa, galimoto osamva. Ndinakhotetsanso, osamva. Kutsogolo lole ya nzimbe ikubwera. Ndinangofuula kuti, "Yesu!" Tinakaima m'munda wa chinangwa. Palibe anavulala, abale. Palibe.

Ndinawaimbira alamu aja. Atafika sanandidzudzule. Anangofunsa kuti, "Lero ndizule?"

Ndinati, "Zulani."

Anachotsa waya wa batire, anatsegula pa hutala, n'kulemba kamzere ndi choko. Anati, "Kamzereka n'kakuti chibwerere momwe mwiniwake anachisiyira." Anamasula nati yaikulu, n'kumangirira chida chokokera. Chitsulo chija chinakana. Anapanikiza, chinakana. Mumtima ndinkati, mwaona, nachonso sichikufuna. Kenako chinalira kuti phwa! Chinazuka.

Anandipatsa chiwongolerocho m'manja, abale. Ndinakakhala nacho pansi pa mtengo wa mango, ndachikumbatira pachifuwa. Kulira komwe ndinalephera kulira pamaliro chifukwa cholimbitsa ana, ndinalira tsiku limenelo. Ndinawauza malemu amuna anga kuti, "Bambo a Chisomo, ndakusowani. Mwana wanu wakhoza mayeso, inu kulibe. Ndakusowani." Amayi anzanga aja anandisiya ndilire mpaka ndinatopa.

Atandiitana, makaniko anandionetsa polumikizira pa chitsulo chapansi chija. Panali patadyeka, n'kuthyoka. Anati, "Inu mumati Yesu, ine ndimati Allah, koma apa sanakupulumutseni munthu."

Anaika chitsulo chatsopano, chiwongolero chija chinabwerera pakamzere kake.

Sindikunamizani kuti chisoni chatha. Ndimawasowabe, m'mawa uliwonse ndimawasowa. Koma ana anga akanakhala amasiye kawiri, ndipo Mulungu anakana. Anakana, abale! Ndikuthokoza Ambuye amene anandiona m'munda wa chinangwa muja. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani mundithandize kuthokoza, pakuti ndekha mawu andichepera. Aleluya!