Kanjuchi ka Pangodya ya Nsalu

Malemu achimwene athu, amene agona m'bokosi apawa, anabadwa pa 14 Ogasiti 1952, ndipo anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, wachitatu kubadwa. Abale anandisankha kuti ndiwerenge mbiriyi ati chifukwa mawu anga amamveka mpaka kumbuyo. Mwina pofika kumapeto adandaula, koma madzi akatayika saoleka.

Ndineneretu kuti mbiri iyi ili ndi ntchito yake. Mawa banja likhala pansi kukambirana za shopu ya zosokasoka ndi mafelemu imene nonse mumaidziwa, ija yoyandikana ndi ogulitsa nsapato. Alipo ena pakati pathu amene akuti shopuyo igulitsidwe, ati luso lapita ndi mwini wake, ndipo alamu anga, mayi amasiyewa, akapume kwa ana. Alamu sakufuna kupuma, akufuna shopu yawo. Choncho mumvetsere bwino kuti mudziwe luso limene tikuika m'manda lero, ndi limene latsala kunja kuno.

Mu 1960 malemu anayamba sukulu ya pulaimale. Aphunzitsi ankawatama pa chinthu chimodzi, pakamwa. Akafunsidwa funso loti sakulidziwa, ankayankha motalika mpaka belu kulira. Masamu ankawalembera ndi mnzawo wokhala nawo desiki imodzi, iwo n'kumukongoletsera chikuto cha kope. Anasiya sukulu mu 1970 ali Folomu 2, ndipo ankatiuza kuti kunalibenso chowaphunzitsa. Zotsatira za mayeso zinkanena zina.

Mu 1972 analowa ntchito kwa kalipentala wina. Mipando inawakana, ndipo tebulo lililonse limene anakhoma linkafuna kupatsidwa kapepala kuphazi kuti liime. Kalipentalayo, munthu woleza mtima, anawapatsa timatabwa totsala kuti aziphunzira kulumikiza ngodya. Apa ndisawalande zawo achimwene. Ngodya ya felemu ankailumikiza moti tsitsi silikanalowa, ndipo galasi ankadula mowongoka, kamodzi n'kamodzi. Luso lawo linayambira pamenepo, n'kuthera pomwepo.

Pa 3 Disembala 1977 anamanga banja ndi alamu angawa, mwana wa telala, amene anagwira singano asanayambe n'komwe sukulu. Anakumana pamene achimwene anapita kukapindisa thalauza, n'kupeza mtsikana akusoka maluwa pa pilo. Anaiyang'ana nthawi yaitali piloyo, ndipo anafunsa mtengo wake asanafunse dzina la wosokayo. Ena amakwatira nkhope, ena amakwatira khalidwe. Achimwene anakwatira zala. M'banjamo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu Malichi 1981 shopu inatsegulidwa. Makina osokera anali a bambo a alamu, mikombero yokungira nsalu inali ya alamu, ndipo achimwene anabweretsa sowo, hamala ndi chikwangwani. Pachikwangwanipo panali dzina lawo lokha m'zilembo zazikulu, pansi pake n'kulemba kuti katswiri wa zopeta ndi mafelemu. Kutsogolo kunali kauntala, mpando wofewa, wailesi, ndi khoma lodzaza madoilo, nsalu za patebulo, mavesi osokedwa ndi ulusi ndiponso masatifiketi a anthu. Kuseri kwa katani kunali kachipinda ka zenera limodzi loyang'ana khoma la eni nsapato. Mmenemo ndimo munkakhala alamu, msana utapindika, kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutha. Sindikunena zongomva. Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo mmenemo, ndikusita ndi kukunga nsalu, mpaka pamene pakamwa pangapa panandichotsetsa ntchito.

Ambiri a inu mukukumbukira mkombero umene unkakhala pakauntala, wa nsalu yoyera, duwa lofiira litasokedwa theka, singano itabayidwa pakati. Kasitomala akamalowa, malemu ankaunyamula msanga, kukwinya nkhope, kenako n'kuuika pansi akuusa moyo ngati munthu amene wasokonezedwa pa ntchito yaikulu. Theka la duwalo anasoka ndi alamu mwezi umene shopu inatsegulidwa. Theka linalo likudikirabe. Nsaluyo ikada ndi thukuta la m'manja, alamu ankaichapa n'kuibwezera pamkombero. Ulusi pa singano malemu sankatha kulowetsa. Mayi wina atawapempha tsiku lina kuti amuonetse kasokedwe ka tsamba, anamuyankha kuti chinsinsi cha ntchito sachionetsa pakauntala.

Tsopano ndifike pa kagwiridwe ka ntchito kamene malemu ankanyadira. Alamu ali ndi chizindikiro chawo. Akamaliza nsalu iliyonse, pangodya ya pansi chakumanja amasokapo kanjuchi kakang'ono ka ulusi wachikasu ndi wakuda, kosaposa chikhadabo. Anayamba ali mtsikana, ndipo ana awo onse anapita kusukulu ndi kanjuchi pakolala ya yunifolomu kuti isasokonekere ndi za anzawo. Nsalu ikamalowa m'felemu, pamakhala chikatoni choyera chozungulira m'mbali monse, choti galasi lisakhudze ulusi. Malemu ankachidula chofanana kumwamba ndi m'mbali, koma pansi ankawonjezerapo chala chimodzi. Ankafotokozera makasitomala kuti ndi mmene amachitira akatswiri, kuti diso likhazikike. Chala chimenecho chinali muyeso wa kanjuchi. Akatseka felemu ankadinda chidindo cha dzina lawo kumbuyo.

Alamu anafunsapo kamodzi m'zaka zoyambirira, ndipo anauzidwa kuti makasitomala salipirira tizilombo. Chaka china anayesa kukakweza pang'ono kanjuchiko. Chikatoni nachonso chinakwera. Anangobwerera pangodya pawo pakale, ndipo sanasiye kukasoka ngakhale ankadziwa kuti palibe adzakaone. Ine zimenezi zinkandipsetsa mtima, mpaka lero zimandipsetsa. Kudyera munthu masuku pamutu kulipo, koma uku kunali kudya n'kumupukutira m'manja pamutu pomwepo.

Mu 1994 kunachitika chionetsero cha ntchito zamanja, ndipo shopu inatumizako nsalu yaikulu ya mtengo wodzaza maluwa ndi mbalame. Alamu anaisoka pafupifupi chaka chathunthu, ali oyembekezera mwana wotsiriza, miyendo itatupa. Inapambana. Malemu anapita okha kukalandira mphoto atavala suti yatsopano, pakuti kushopu kunali maoda ambiri ndipo wina anayenera kutsala. Anauza anthu kumeneko kuti nsaluyo yawathera maso. Sabata yomweyo anagula magalasi, ndipo ankawavala akamajambulitsa. Alamu anadzagula magalasi awo patapita zaka khumi. Nsaluyo anaipachika pamwamba pa kauntala, m'felemu yolemera ya vanishi wakuda, ndipo aliyense wolowa ankamva mbiri yake, afune asafune.

Ndisaiwale kuti malemu anali munthu wochezeka. Pamaukwati ankavina, pamisonkhano ankasankhidwa kukhala wapampando, ndipo ana sanagonepo ndi njala kapena kubwezedwa kusukulu. Ankakonda kunena kuti ana anayiwa anawaphunzitsa ndi manja awo awiriwa, akuwakweza m'mwamba. Manja ake anali osalala bwino.

Mu Juni 2022 anadwala sitiroko ndipo dzanja lamanja linafa. Amene mumati luso linali lawo, ganizani pamenepa. Shopu sinatseke. Maluwa pansalu sanafote, mbalame sizinasinthe, ndipo mafelemu ankakhoma ndi mwana wawo wachitatu, wamkaziyu, amene anaphunzira poonera. Anthu ankatamanda kuti bambowa ndi katswiri, akuyendetsa ntchito ali chigonere. Iwo sanatsutse. Analamula kuti felemu iliyonse izibwera pabedi asanaitseke, ndipo dzanja lamanzere linali ndi mphamvu zokwanira kuloza pangodya kuti chikatoni chikwere. Alamu ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kenako n'kuthamangira kukatsegula shopu. Pobwera ankalandiridwa ndi dandaulo loti tiyi wa m'fulasiki anazizira.

Matenda anakula mwezi wathawu, ndipo malemu anatisiya Lachiwiri pa 8 Okutobala 2024 kuchipatala, ali ndi zaka 72. Ndinawalira, pakuti ndi magazi anga, ndipo usiku wa mvula ya mabingu tili ana ndi iwo ankandifunditsa bulangete lawo. Koma misozi siyandiiwalitsa zimene ndinaona tsiku lomwelo. Thupi lisanachoke m'wodi, mng'ono wathu wotsiriza, amene nonse mumawadziwa kuti a Madilu, anapisa m'chikwama cha alamu n'kutenga makiyi a shopu, ati awasungire chifukwa wamasiye mutu suyenda bwino. Pofika madzulo anali atapeza kale wogula, munthu wofuna kuikamo mafoni. Mwana woyamba wa malemu, wamwamunayu, anavomereza. A Madilu pamoyo wawo agulitsapo galimoto yopanda injini ndi puloti ya eni ake, ndiye shopu ya mchimwene wawo siyingawavute.

Dzulo awiriwa anaganiza zochitira malemu ulemu. Anatsegula shopu n'kutsitsa nsalu yopambana ija kuti aiyale pabokosi, ikalowe nawo m'manda, anthu aone ndi maso kuti luso lapitadi. Koma felemu ya galasi siyikhala pabokosi. Choncho anazula timisomali, kuchotsa galasi, kuchotsanso chikatoni. Zaka zonsezi akhala akudya za m'shopumo, koma palibe mmodzi wa iwo anatsegulapo felemu. Ntchito imene malemu anaisamala moyo wawo wonse, abale awo okondedwa anaiphwasula ndi sikuludilaiva imodzi.

A Madilu sanaone chachilendo, pakuti iwo nsalu amaiona mtengo basi. Koma mwana woyamba wa achimwene anakadziwa kanjuchiko, poti anakulira nako pakhosi. M'mawa uno ndapeza ngodya ya nsaluyo itapindiridwa mkati, pamwamba pake ataikapo nkhata ya maluwa. Maphunziro a bambo ake sanapite pachabe. Nkhatayo ndaisuntha ndipo ngodya ndaiwongola. Mukamadutsa kudzaona nkhope, muyang'anenso chakumiyendo, kumanja. Ndipo inu nonse amene muli ndi felemu ya shopu iyi pakhoma panu, mukafika kunyumba mukaitembenuze, mukazule timisomali, mukakweze chikatoni. Sindidzafunika kubweretsa mboni mawa.

Ndinawafunsa alamu m'mawawu ngati akufuna kuti tiichotse nsaluyo isanalowe m'dothi, pakuti ndi chaka chathunthu cha maso awo. Ndinkayembekeza misozi. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Isiyeni apite nayo, anaikonda kwambiri. Ine ndisoka ina. Angondipatsa makiyi anga, Lolemba kuli oda ya ukwati."

Malemu asiya mkazi mmodzi, amene ndi alamu angawa. Asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu zisanu ndi zinayi, alongo atatu ndi mng'ono mmodzi. Asiyanso sowo, hamala, chidindo, ndi duwa losatha.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi a kwaya amene akhala nafe, eni shopu ya nsapato amene anabwereka galimoto, ndi amayi oyandikana nawo amene ankalondera wodwala alamu akapita kuntchito. Ndikuthokoza mwana wachitatu pokhoma felemu ya chithunzi chili apachi ndi zida zobwereka, poti zake zatsekeredwa. Ndikuthokozanso mwapadera a Madilu ndi mwana woyamba potsegula felemu ija. Ine ndakhala ndikuyankhula zaka makumi anayi osamveka, iwo achita tsiku limodzi.

Makiyi ali m'thumba lamanzere la jekete ya a Madilu. Makiyiwo ndawamva akulira pamene timagwada popemphera. Ndikatsika pano ndidzera pomwe akhalapo dzanja lili lotambasula, pamaso pa abusa ndi pa inu nonse, ndipo onyamula bokosi adikira pang'ono.

Achimwene, pitani bwino. Ambuye amene amaona kuseri kwa katani akulandireni mwachifundo, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere. Shopu itsegulidwa Lolemba, nthawi yake yomwe ija.