Furiji yogogoda ya ku Soweto

Kuno ku Joni ndimachita lendi kuseri kwa nyumba ya bambo ena okalamba. Akazi awo atangomwalira, furiji yawo inayamba kugwetsa ayisi masana aliwonse, chikhalirecho mbale yake ndi yodzaza kale. Gu! Gu! Ngati munthu akugogoda.

Ine, katswiri wophunzira m'mabuku otola, ndinaitsegula. Ndinapeza kasensa kodziwitsa kuti mbale yadzaza kakulendewera. Nditakamanga, furiji inangoti zii.

Mawa lake ndinawapeza bambowo atakhala moyang'anana nayo, matambula awiri ali patebulo.

"Mwana wanga, wawathamangitsiranji amayi ako? Amabwera nthawi ngati inoyi."

Omvera anzanga, ndinangotenga sikuludiraiva n'kukamasulanso kasensa kaja.